Khutu la Don Nicanor

Mphepo ya kumpoto inali itayamba kale kugwedeza malata pamene Casilda ankatsegula chitseko cha chigayo, ndipo mzere wa amayi unali utafika pangodya ya tchalitchi. Mawa lake inali Khirisimasi, ndipo tsiku lotero nyumba iliyonse mu Las Tejeras imakulunga matamale, phala la chimanga lophika ndi nyama m'masamba a nthochi. Aliyense anali atanyamula ndowa ya chimanga chowiritsa ndi laimu, chotsuka bwino, chofewa, choti chikalowa m'chigayo chituluke phala lolimba. Chimanga choterocho sichidikira munthu. Chikapanda kugayidwa m'mawa, pofika madzulo chasasa.

Woyamba pamzere, monga mwa masiku onse, anali Doña Fidelina wogulitsa tchizi, mayi amene mawu samugonera m'kamwa.

"Kodi chibwenzi cha amuna anu chadzuka, anzanga?" anafunsa akusuzumira mkati.

"Akuchipukuta kaye kumaso," anatero Casilda akumanga epuloni. "Ine chikwatiwire sanandipukuteko ngakhale thukuta."

Amayi anaseka. Nayenso Nicanor, amene anali atagwada pakona ndi kansanza m'manja, anaseka nawo. Casilda anaona kuti mwamuna wake waseka mochedwa, atayamba waona kaye nkhope za anthu.

Chibwenzi chomwe ankanenacho chinali mota yoyendetsa chigayo, yotuwa, yaikulu ngati mgolo wogoneka. Nicanor anaigula kwa ocheka matabwa ena amene anatseka ntchito, n'kubwera nayo pangolo ya ng'ombe chaka chomwe mwana wawo Idalia anabadwa. Kuyambira pamenepo, munthu ukalakwitsa n'kumufunsa za motayo, unkayenera kufuniratu pokhala. Ankayamba ndi mawaya atatu ochokera pamtengo wa magetsi. Ankati mphamvu sifika m'mawaya atatuwo nthawi imodzi, koma mosinthana, ngati anthu atatu osinja mumtondo umodzi: munsi wina ukamatsika, wina ukukwera, wina uli m'mwamba. Kusinthana kumeneko ndiko kumabala chikoka cha maginito chomwe chimazungulira mkati mwa chitsulo, ngakhale palibe chomwe chasuntha. Pakati pake pali chigubu cha timipiringidzo, chomwe amisiri amachitcha khola la gologolo. Kholalo sililumikizidwa ku waya aliyense. Chikoka chija chikamadutsa chimadzutsa magetsi m'timipiringidzomo, ndiye khola limayamba kuchithamangitsa. Silichipeza, limatsalira pang'ono nthawi zonse, ndipo Nicanor ankati litachipeza ntchito ingathere pomwepo.

Akafika apa ankaimenya motayo pamsana monyadira. Mulibe mabulashi oti aziperesekamo, mulibe zothetheka, siopa fumbi, siopa chinyontho; kungoipatsa girizi basi. Zoipa zake sankabisa ayi. Podzuka imameza magetsi ngati munthu wochokera kuulendo, moti mababu a msewu wonse amaphethira. Liwiro lake ndi limodzi, sifulumira ngakhale wansembe atakhala pamzere. Koma choopsa kwenikweni chinali ichi: waya mmodzi akafa mota ili mkati mozungulira, siima. Imapitiriza ndi awiri otsalawo, ikubuula, ikutentha, mpaka mkuwa wam'kati utapserera. Woona ndi maso okha amati zonse zili bwino. Ndipo ukaizimitsa, sidzukanso mpaka waya wachitatu atabwerera.

Kwathu kuno waya kufa si nkhani yachilendo. Mphepo ikangokankha nthambi ya paini, fyuzi imodzi pamtengo wa magetsi imagwa n'kumalendewera. Zigayo za m'matauni oyandikana nafe zapsapo motero. Mota ya Nicanor inali isanapsepo, chifukwa iye ankamva kusintha kwa kulira kwake ngakhale ali kuseri akudya, n'kuthamanga kukatsitsa swichi. Anthu ankachokera kuminda ya khofi atanyamula mapampu awo a madzi kuti iye adzangowamvera kulira. Khutu la Don Nicanor linali chuma cha tauni yonse, ndipo mwini wake ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense.

Khutu limenelo tsopano linali litafa.

Casilda anayamba kuzindikira nyengo yothyola khofi chaka chathachi. Mwamuna amene ankadandaula za tambala wa aneba anangosiya kudandaula. Ukamuyitana atakufulatira, sankacheuka. Kutchalitchi ankaimirira anzake ataimirira kale. Phokoso la zaka zonsezo linali litamudya makutu pang'onopang'ono. La kumanja linatheratu, la kumanzere linangotsala ndi kakhomo kakang'ono. M'chigayo matendawa ankabisika bwino, poti m'menemo aliyense amakuwa ndipo aliyense amangoyankha kuti eya.

Casilda sanamufunse. Mwamuna wake ankamudziwa. Nicanor ukanatha kumulanda chipewa, nsapato, ngakhale mbale ya nyemba ali ndi njala, koma osati dzina la khutu lake. Ndiye mkaziyo anangosenza yekha nkhaniyo mwakachetechete. Pokhala pakhomo la chigayo zaka zonsezo, kulira kwa mota kunali kutamulowa m'magazi iye osadziwa. Waya akafa, ankagwira khutu lake n'kukwinya nkhope akuyang'ana kukona. Nicanor, amene masiku amenewo diso lake silinkachoka pa mkazi wake, ankalumphira swichi, kenako n'kutembenukira amayi atatukumula chifuwa n'kuwafunsa ngati amva kuti waya wapita. Amayi ankagwedeza mitu mogoma. Kunyumba awiriwo ankadya, kupemphera, kugona, osaitchula nkhaniyo. Casilda sankadziwa ngati mwamuna wake akudziwa, ndipo kusadziwako kunkamutopetsa kuposa ntchito ya tsiku lonse.

Amene ankamuopsa anali Idalia. Mwanayu anali wabwino, tisamunamizire. Ankagwira ntchito kufakitale ya zovala ku San Pedro Sula, ndipo kunyumba kwake anali atakonzera makolo ake chipinda, chopenta, chokhala ndi fani. Chaka chilichonse ankawanyengerera kuti asiye chigayo akapume. Ulendo wina ananenanso za kabokosi kena kamene kamazimitsa kokha mota waya akafa. Nicanor anazilandira ngati chipongwe. Anaika supuni pansi n'kulumbira pamaso pa banja lonse kuti tsiku lomwe khutu lake lidzalephere kuteteza mota, Idalia adzabwere ndi galimoto, iye adzakwera osatsutsa. Ndipo Nicanor sanali munthu wobweza mawu.

Casilda ankazidziwa zipinda zokhala ndi fani. Mlamu wake Evaristo, munthu woti ankayenda ndi nyulu m'mapiri monsemu, ana ake anamutengera kuchipinda chotero. Anakakhala pazenera la zitsulo kuyang'ana mabasi mpaka anangozima. Casilda sankafuna kudzaona Nicanor pazenera. Ndipo chaka chino Idalia anali atabwera kudzadya Khirisimasi kwawo.

M'mawa wonse Casilda anakakamira pakhomo la chigayo, khutu lili kukona, maso ali kumitengo ya paini yomwe inkawerama kutsidya kwa msewu. Dzuwa litakwera, Idalia anatulukira akupukuta manja. Nyama inali itapsa, masamba a nthochi atawambidwa, mpunga ndi mbatata zili chile. Chotsala chinali kukulunga, ndipo matamale okulunga Idalia amamasukira mumphika, zimenezo ngakhale mwini wake ankavomera. Casilda anati abwera posachedwa. Kenako anati anthu achuluka. Doña Fidelina, amene anali atagayitsa kale koma osachoka poti miseche inali isanathe, anadzipereka kukhala pakhomopo.

"Pitani, anzanga. Mwana wachokera kutali. Kapena mukuopa kuti tikuberani madalawa? Angawafune ndani?"

Panalibenso chonamizira. Casilda anadutsa pabwalo kupita kukhitchini, ndipo anasiya chitseko chotsegula. Idalia anachitseka chifukwa mphepo inkaulutsa masamba. Casilda anachitsegulanso, akuti utsi. Wailesi inkaimba nyimbo za Khirisimasi pamwamba pa firiji. Manja a Casilda ankagwira ntchito okha: tsamba, phala, kanyama, kambatata, kupinda, kupindanso, kumanga. Idalia ankasimba za kuntchito, za kutentha kwa mumzinda, za mnyamata wina wa ku Choloma amene mwina abwera naye pa Isitala. Pa nkhani ya mnyamatayo Casilda anaiwala mphepo kwa kanthawi. Anafunsa ngati amamwa, ngati ali ndi amayi ake, ngati amadziwa kugwira chikwanje, ndipo mwanayo atachita manyazi iye anaseka kuchokera pansi pa mtima.

Wailesi inaduka mawu pakati pa nyimbo. Firiji nayo inanjenjemera n'kukhala chete.

"Magetsi aja apita," anatero Idalia. Kenako anatchera khutu. "Ayi, chigayo chikulira. Ndiye ndi kuno kokha."

Casilda anaika tsamba pansi. Nyumba yawo inkatenga magetsi kwa mmodzi wa mawaya atatu aja. Kutsidya kwa bwalo, kulira kosalala kuja kunali kutasanduka kubuula kokhuthala, konjenjemera, ngati kwa ng'ombe yodwala. Anadikira. Mwina Nicanor amva kunjenjemera kumapazi. Mwina aona lamba wa chigayo akufooka. Koma ankadziwa pomwe mwamuna wake waima: pathandala la matabwa, mbali ina ya chipinda, akukankhira chimanga m'kamwa mwa chigayo ndi kamtengo. Phala likamatuluka mochedwa, angoyamba kunyoza mwini ndowa kuti sanawiritse bwino.

Casilda akathamanga, amuvula mwamuna wake pamaso pa tauni yonse ndi pamaso pa Idalia. Akakhala, mota ipsa. Njira zonse ziwiri zinkathera pazenera la zitsulo. Anamanga tamale lina, akupempha Mulungu kuti amve swichi ikutsika. Swichi sinatsike.

Sanadziwe kuti waimirira nthawi yanji. Anadutsa pabwalo manja ali phala lokhalokha, anakankha amayi awiri pakhomo, n'kukoka swichi ndi manja onse awiri. Mota inabuula komaliza, lamba anazungulira kangapo, kenako m'chigayo munangoti zii, moti mphepo inamveka ikulira m'malata.

Oyamba kudandaula anali amayi. Leocadia, amene theka la chimanga chake linali likadali m'chigayo, anati bwanji osaisiya imalize poti inali kuzungulira bwinobwino, chikhalirecho aliyense akudziwa kuti ikaima tsiku la mphepo sidzukanso. Ena anavomereza. Nicanor anatsika pathandala maso ali psu.

"Wapenga kodi? Wakuuza ndani kuti ugwire swichi yanga?"

"Waya wafa, bambo."

Casilda anayankhula motsitsa, monga amayankhulira mkazi wofuna kusunga ulemu wa mwamuna wake, ndipo n'chifukwa chake Nicanor sanamve. Anabwereza. Sanamvebe. Pomaliza anachita kukuwa, mawu akusweka, ndipo anamva ndi omwe anali panja kumapeto kwa mzere.

"Waya wanji? Ine sindinamve kanthu, ine ndi..."

Anapita kukona n'kuika dzanja pamsana pa mota monga ankachitira nthawi zonse, ndipo analichotsa msanga ngati wagwira chiwaya chapamoto. Tsopano fungo linali litafika kwa aliyense, fungo lowawa la vanishi wopserera. Nicanor anayang'ana chikhatho chake, anayang'ana mota, kenako anayang'ana pakhomo pomwe panali pataima Idalia, tsamba la nthochi likadali m'manja. Mwamunayo anavula epuloni yake, anaipachika bwinobwino pamsomali, n'kutulukira khomo lakumbuyo.

Amayi anayamba kunyamula ndowa zawo, ena kukafufuza tizigayo tamanja tomwe anatitaya kalekale, ena kukatuma amuna awo kuti akasake anthu a magetsi. Doña Fidelina anamugwira Casilda paphewa, ndipo mwina koyamba chibadwire anayankhula motsitsa. Anati tauni yonse inkadziwa. Kodi Casilda ankayesa kuti amayi onsewo akhala akukuwa chaka chonse chifukwa chokonda kukuwa? Mitu ankagwedeza mogoma ija ankaigwedeza dala, kuti madala azipita kunyumba osangalala.

"Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna, anzanga," anamaliza. "Kawatulutseni."

Idalia sanakalipe. Zikanakhalako bwino akanakalipa. Anakhala pabenchi la makasitomala n'kumalira mwakachetechete. Anati tsopano wamvetsa chifukwa chake bambo ake ankangoti uli bwanji mwana wanga, n'kupereka foni kwa amayi. Iye ankaganiza kuti anawalakwira ndi nkhani ya kabokosi ija. Miyezi yonseyo ankagona akudzifunsa kuti awapepese bwanji.

"Bwanji simunandiuze, amayi?"

"Ukanawatenga."

"Ine ndimangofuna kuti apume."

"Bambo ako akapuma ndiye kuti tawaika m'manda," anatero Casilda, ndipo anachita manyazi ndi kuuma kwa mawu akewo. Anamupukuta mwanayo misozi ndi kuseri kwa dzanja, n'kumusiyira phala patsaya.

Casilda anamupeza Nicanor kuseri, atakhala pachitsa pansi pa mtengo wa gwafa, dzanja lopsa lili pabondo. Casilda anathyola tsamba la alovera, analing'amba, n'kukhala mbali ya kumanzere, komwe kunali kakhomo kotsala kaja. Anamupaka madzi ake pang'onopang'ono. Chikhathocho chinali cholimba ngati chikopa, komabe pakati panali patatuluka matuza. Anang'amba kansalu n'kuyamba kumanga.

Nicanor anayankhula akuyang'ana nkhuku. Anati amulongedzere malaya ndi suti yake yakuda, poti mawu ndi mawu. Anati chigayo achipereke kwa mwana wa Leocadia, amene ndi waulesi koma sakuba. Kenako anatembenukira mkazi wake.

"Khutu lako lija," anatero, "lakhala likuyabwa kwambiri chaka chino."

Casilda anasiya kumanga.

"Munkadziwa?"

Nicanor anamuona milomo. "Ndine gonthi ine, sindine chitsiru. Ndinkati ndikakuthokoza ndiye kuti ndavomera. Ndiye ndinkangokubera khutu lako ngati mbala, n'kumadzitama nalo pamaso pa anthu."

Casilda ankaganiza kuti tsiku limeneli likadzafika adzalira. M'malo mwake anapsa mtima, kupsa mtima kwa munthu amene wavutika ndi mtolo yekha kenako n'kuzindikira kuti mnzake ankamuona. Anaika pakamwa pafupi ndi khutu lija n'kumuuza zonse. Anamuuza kuti lonjezo lija analumbira yekha osafunsa, ngati kuti m'chigayomo mulibe thukuta la munthu wina. Anamuuza kuti iye ku San Pedro sakupitako, ndipo ngati madala akufuna kukakhala pazenera akakhale okha, azikadzichapiranso okha. Anamuuza kuti tsiku la ukwati wansembe sananene kuti makutu akhale aliyense ndi ake. Pofika kumapeto mawu anali atafewa okha, ndipo chipumi chake chinali chitatsamira paphewa la mwamunayo. Ankamukonda munthu wouma mutu ameneyu, ndipo ankamumvera chisoni.

"Ngati yapsa, nkhani yatha yokha," anatero Nicanor. "Ngati sinapse..."

Casilda anamaliza kumanga kansalu kaja.

Anthu a magetsi anafika dzuwa litapendeka, atamva kuti Khirisimasi ya tauni yonse ili m'ndowa ndiponso kuti Doña Fidelina walonjeza matamale. Anakweza ndodo yawo yaitali, anabwezera fyuzi, ndipo wailesi kukhitchini inayambiranso yokha. Mbiri inathamanga. Posakhalitsa mzere unali utabwerera, koma ulendo uno wopanda phokoso.

Nicanor anatsegula chivundikiro cha mota, ananunkhiza, anaunika ndi tochi. Mkuwa unali utada mbali imodzi. Anaizungulitsa ndi dzanja losapsa, inazungulira mosavuta. Maso ndi mphuno zinali zitanena zonse zomwe zikanatha kunena. Mota yovulala mkati imathanso kudzuka n'kuzungulira ngati yamoyo, ndipo chomwe chimaiulula ndi kulira kwake basi.

Idalia anabwera n'kuima kutsogolo kwa bambo ake kuti azimuona pakamwa. Ananena pang'onopang'ono kuti galimoto sabwera nayo. Mota ikakhala yamoyo, chomwe abwere nacho mwezi wamawa ndi kabokosi kaja, ndipo akakamangirira apita nawo kwa dokotala wa makutu, kenako adzawabweza yekha pakhomo pomwepano. Nicanor anayang'ana pansi n'kugwedeza mutu kamodzi. Atatero anatembenukira amayi.

"Amayi inu, makutu anga anafa kalekale. Ndinkakunamizani."

"Ifenso tinkakunamizani, Don Nicanor," anakuwa Doña Fidelina atayandikira. "Tafanana. Yatsani, chimanga chikusasa."

Anthu anaseka, koma kuseka kofewa. Nicanor anamasula miyala ya chigayo kuti mota idzuke yopepuka. Anakodola Casilda n'kumuimika kumanzere kwake, akudandaula chapansipansi kuti akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma nanga munthu atani. Anagwira swichi, anapuma kaye, n'kuikweza. Mota inabangula, lamba anagwedezeka, kenako inakhazikika. Nicanor anaika nsonga za zala pachitsulo, maso ali pa mkazi wake.

"Ikuti bwanji?"

"Ili bwino."

"Bwino wake uti? Bwino alipo wambiri. Ikulira m'mwamba kapena pansi? Ikudukiza? Muli mchenga m'mawu ake?"

Kulirako Casilda ankakudziwa monga mayi amadziwira mayendedwe a mwana wake, koma mayina ake sanaphunzirepo. Anayang'ana amayi, anayang'ana Idalia, ndipo onse anali kumudikira iye. Kenako anaimira zala za kumapazi, anagunditsa milomo pafupa la kuseri kwa khutu la mwamuna wake kuti mawu amulowe kudzera m'fupamo, n'kuyamba kung'ung'udza, kutsatira mota ndendende, liwu limodzi lalitali, losalala, losakwera losatsika. Mpweya ukatha ankakoka wina n'kupitiriza.

Nicanor anatseka maso. Nkhope yake inamasuka pang'onopang'ono, ndipo misozi inayamba kutsika m'makwinya mpaka m'ndevu. Anatukula dzanja lomanga nsalu lija n'kukodola Leocadia kuti abweretse ndowa.

Casilda anati achoke abwerere pakhomo pake, koma anangomva wagwidwa mkono wa diresi.

"Usasiye kaye," anatero Nicanor, maso akadali otseka. "Ndinaisowa mota yangayi."